Marimu onyezimira sakweza mtengo wa galimoto, aise

Mnzanga wina wa ku Area 25 wakhala akutsatsa Altezza yake pa Facebook kwa miyezi itatu tsopano. Zithunzi zili bho, marimu a mainchesi 18 akuthwanima. Pansi pake analemba kuti marimuwo anamudyera ndalama zambiri, choncho mtengo satsitsa. Ma like ndi mbwee, koma wobwera ndi ndalama palibe. Mmodzi yekha amene anafika kudzaiona anangofunsa kuti: "Nanga marimu amene inabwera nawo ali kuti?" Mnzangayo anawagulitsa kalekale.

Ambirife timaganiza kuti ndalama imene taika pa galimoto idzabwerera tsiku logulitsa. Pa marimu sizikhala choncho.

Sindikunena kuti marimu opepuka ndi chibwana ayi. Rimu ndi tayala zili kunsi kwa mashoku, ndipo zimadumpha ndi bampu iliyonse. Zikapepuka, shoku sivutika kubwezera tayala pansi, galimoto imagwira bwino msewu pakona, ndipo injini ndi mabuleki sizilimbana ndi cholemera chozungulira. N'chifukwa chake kampani ya RAYS ya ku Japan inatchuka ndi rimu ya Volk Racing TE37 imene inatuluka mu 1996. Ya mainchesi 15 inkalemera makilogalamu 3.7 okha. Marimu otere amawapanga pochita kupanikiza aluminiyamu ndi makina amphamvu, osati kungosungunula n'kuthira m'chikombole.

Koma tinene zoona, ndi angati mwa marimu amene timawaona m'tauni olembedwa TE37 kapena BBS omwe ali enieni? Ochuluka ndi ongofanizira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena ndi olemera kuposa amene galimoto inabwera nawo, chifukwa rimu ikakula nthawi zambiri imalemeranso. Kuti ikwane pamafunika tayala lopyapyala. Tsono ganizirani tayala lotero likugunda dzenje la mumsewu wa M1 nthawi ya mvula. Rimu imapindika kapena kung'aluka, mwini wake n'kupita nayo kwa owotcherera. Rimu yowotcherera pa liwiro la 120, apo sitikukambanso za mtengo, tikukamba za moyo wa anthu.

Tsiku logulitsa, wogula wochenjera akaona marimu aakulu, galimoto yotsitsidwa ndi ekizozi yaphokoso, mumtima amati iyi ankaizunza. Amayamba kuwerengera mashoku, mabushi ndi giyabokosi zimene adzasinthe. Chimene inu mumati chakweza mtengo, iye akuchiona ngati chifukwa chonenerera. Komanso kukongola n'kwa m'maso mwa munthu: marimu agolide amene munawafera, wina akuona ngati a mwana wasukulu.

Ngakhale kunja zili chimodzimodzi. Nissan Skyline GT-R R34 inapangidwa kuyambira 1999 mpaka 2002. Ku America lamulo limalola kulowetsa mosavuta galimoto zotere zikakwana zaka 25, ndiye kuyambira 2024 zoyambirira zija zinayamba kuloledwa. Osonkhanitsa galimoto kumeneko amalimbirana kwambiri zimene sizinasinthidwe chilichonse. Ngati zili choncho ndi GT-R, kuli bwanji Mark X kapena Subaru yathu yolowera pa Songwe?

Wina anena kuti galimoto ndi yanga, ndalama ndi zanga. Zoona, ndipo moyo si kuwerengera phindu pokhapokha. Koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, achinyamata ambiri galimoto inasanduka banki yawo. Fizi ikavuta, kapena matenda akagwa pakhomo, ndi yomweyo imene timagulitsa. Banki sitiseweretsa.

Ndiye ngati mtima wakana, sinthani, koma mwanzeru. Gulani marimu enieni, ngakhale akaunjika, a saizi yoyandikira imene galimoto inabwera nayo. Sungani malisiti. Chachikulu, marimu oyamba aja musagulitse. Atsukeni, muwaike m'chipinda. Tsiku logulitsa abwezereni pa galimoto, opepukawo mugulitse paokha kwa munthu amene akuwadziwa mtengo wake. Mukatero mudzalandira ndalama kawiri.

Mnzanga uja sabata ino ali pa WhatsApp kufunsa m'magulupu ngati pali amene akugulitsa marimu a Altezza. Akuti mtengo umene akumuuza waposa umene anagulitsira ake aja.