PULOGALAMU YAULERE IBWERA NDI KAUFITI WACE

Mlimi aliyense m'boma la Lundazi adziwa kuti mbeu yocokera kwa munthu wosadziwika iyenera kupetedwa isanapite kumunda, pakuti njere za kaufiti ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zibisala pakati pa mbeu yabwino. Nzeru yomweyi ifunika tsopano kwa onse amene ali ndi kompyuta kapena foni yamakono. Mapulogalamu ambiri otengedwa mwaulere pa intaneti sabwera okha. Amabwera ndi anzao amene mwini makina sanawaitane.

Nkhaniyi si ya anthu a ku Lusaka okha ai. Kuyambira pamene ana a Giredi 9 analemba mayeso oyamba a maphunziro a kompyuta mu 1915 woonjezera zaka zana, ndiko kuti 2015, makinawa akhala akulowa m'masukulu a kumidzi. Alipo m'zipatala ndi m'maofesi a makopaletivu. Ndalama za nshawa, soya ndi thonje zimene kale zinali kumangidwa pansalu, lero zambiri zigona m'foni, ku Airtel Money kapena ku MTN.

Mlendo wosaitanidwayu alowa motere. Mphunzitsi afuna pulogalamu yoonetsera mavidiyo kapena yowerengera makalata. Aifunafuna pa intaneti, natenga pamalo oyamba amene awaona. Poiika m'kompyuta, pamaturuka mafunso a m'Cingelezi, olembedwa m'zilembo zing'onozing'ono. Pakati pa mafunsowo pali lina lopempha kuti pulogalamu yaciwiri ilowe pamodzi ndi yoyambayo, ndipo kabokosi kobvomereza kamakhala kocongedwa kale. Mphunzitsi uja, pokhala wofulumira, angodina "Next" katatu kapena kanai. Pamenepo wabvomera, ngakhale sanawerenge cimene wabvomera.

Zimenezi sizicitika mwangozi. Ndi malonda. Eni mapulogalamu osafunikawo amalipira ndalama pa kompyuta iriyonse imene pulogalamu yao yalowamo. Mu 2016 akatswiri a kampani ya Google ndi a New York University anafufuza malonda amenewa. Anapeza kuti malipiro anali kufika pa $1.50 pa kompyuta imodzi, ndi kuti sabata iriyonse mapulogalamu otere anali kuyesa kulowa m'makina a anthu nthawi zoposa 60 miliyoni. Tsono iye amene apereka caulere sali wopusa: phindu lace alilandira kumbali. Akulu ananena kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Zizindikiro zace siziri zobvuta kuziona. Kompyuta imene inali kuthamanga iyamba kucedwa. Tsamba loyamba la intaneti lisintha lokha. Zithunzi za malonda zitumphuka paliponse. Nthawi zina pamabwera uthenga woopseza wakuti makina adwala ndipo mwini wace alipire kuti acire. Bandulo imene inayenera kukhala mwezi itha m'masiku ocepa. Coipa koposa ndi cakuti mapulogalamu ena amasonkhanitsa mbiri ya zimene munthu acita pa makinawo ndi kuitumiza kwa anthu osadziwika.

Mafoni naonso sanapulumuke. Mu August 2020 kampani ya Upstream inalengeza kuti mafoni 53,000 a mtundu wa Tecno W2, ogulitsidwa ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa, anafika kwa ogula ali ndi pulogalamu yoipa yochedwa Triada, imene inali kulowetsa inzace yochedwa xHelper. Mapulogalamuwa anali kulembetsa eni mafoni ku zinthu zolipira iwo osadziwa, ndipo ndalama zoimbira zinali kungosungunuka. xHelper inali kubweranso ngakhale foni itafufutidwa yonse. Kampani ya Transsion, imene ipanga mafoniwo, inati cirema cinacokera kwa wina wa ogwira nao nchito ndipo inakonza. Phunziro lace ndi lakuti amene agwidwa msanga ndi anthu a ndalama zocepa, amene ngwee iriyonse iwawa.

Kuno kumidzi njira yaikuru yolowera si intaneti yokha. Popeza bandulo ndi yodula, anthu ambiri amapereka foni kapena kompyuta kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu pamsika, kapena amapatsana mapulogalamu ndi fulashi, Bluetooth ndi Xender. Fulashi imodzi itha kuyenda masukulu asanu. Anyamatawa agwira nchito yothandiza, ndipo ambiri alibe colinga coipa. Koma wolandira ndalama kuti akonze makina a mnzace ali ndi udindo wodziwa cimene aikamo, ndi wouza mwini makina dzina la pulogalamu iriyonse imene waonjezera.

Cofunika kucita ndi ici. Pulogalamu itengedwe kwa eni ace enieni, kapena ku Microsoft Store ndi Google Play, osati pamalo olonjeza mwaulere cinthu cimene kwina cigulidwa. Poiika, munthu asankhe "Custom" kapena "Advanced" m'malo mwa "Express", awerenge tsamba liri lonse, acotse cizindikiro m'tumabokosi tocongedwa kale, ndipo adine "Decline" pa ciri conse cimene sanacipemphe. Wosadziwa Cingelezi aitane mwana wa sukulu kapena mphunzitsi amuwerengere, pakuti safunsa anadya phula. Ngati mlendo walowa kale, mndandanda wa mapulogalamu uli mu "Settings", pansi pa "Apps", ndipo pa kompyuta uonetsa tsiku limene iri yonse inalowa. Yacilendo icotsedwe, ndipo Microsoft Defender kapena Play Protect zikhale zoyaka nthawi zonse. Nambala yacinsinsi ya ndalama isinthidwe foni ikangocoka m'manja mwa wokonza.

Aphunzitsi akulu, oyang'anira zipatala ndi alembi a makopaletivu, kucokera ku Mwase mpaka ku Mphamba ndi Kapichila, ali ndi mbali yao. Kompyuta ya boma ndi cuma ca anthu onse, ndipo isunga maina a ana, a odwala ndi a alimi. Pakhale munthu mmodzi yekha wololedwa kuikamo mapulogalamu, ndi buku lolembamo zonse zimene zaikidwa. Akumbukirenso kuti Microsoft inaleka kupereka citetezo ca masiku onse ku Windows 10 pa 14 October 2025, motero makina akale afuna diso lakuthwa koposa.

Amene ndalama zao zidulidwa popanda cilolezo ayambe kudandaula ku kampani ya foni, ndipo akapanda kuthandizidwa apite nalo dandaulo ku bungwe la ZICTA, limene linaikidwa kuyang'anira nkhani zotere. Citukuko ca Lundazi cifuna makina amenewa, koma makinawo atumikire eni ace, osati amalonda obisala kutsidya kwa nyanja.