Mbedza si za m'jumbo, anyamata

Anyamata a ku Mposa, a ku Chiuta, ndi inu a m'mbali mwa Shire kuyambira pa Liwonde mpaka tsidya la Balaka, tamverani kaye.

Munthu ukugula mbedza zodula, kenako ukuziponya m'jumbo limodzi ndi nyambo yonyowa. Pakapita masiku awiri dzimbiri lagwira, chingwe chapiringizana, mlamba wathyola mbedza n'kupita. Ndiye uziti akulodza?

Ena akuti chikwama ndiye dilu poti chimakolekeka paphewa ukakhala pa njinga. Zoona, koma nsalu imasunga chinyezi, komanso mbedza imaiboola. Madzi a Chilwa ali ndi mchere chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye chitsulo sichichedwa kudyeka. Mbedzayo ikakubaya chala pofufuza m'chikwama, ndi ulendo wa kuchipatala kukabayitsa jakisoni wa kafumbata. Ntchito yaima, ndiwo kunyumba kulibe.

Ine ndikuti bokosi la pulasitiki lotseka bwino basi. Osadikira la m'shopu, kakontena ka majarini kakukwana. Dulani patapata yakale, muike mkatimo, mubayemo mbedza, zazikulu mbali yake, zazing'ono mbali yake. Bwato likatembenuka, bokosi lotseka limayandama, chikwama chimamira.

Koma ziumitseni kaye padzuwa musanatseke, apo ayi mwatsekera chinyezi momwemo. Nyambo ikhale m'chitini chake. Ndipo bokosilo litalikirane ndi chigubu cha petulo, mafuta asamafike pa chingwe ndi nyambo.

Tumizirani anzanu a pa doko.