MLENDO ANAONA ZOTANI KU MIGODI?

Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwambi umenewu ukukumbutsa za Bambo A. L. Epstein, Mzungu wophunzira za malamulo amene anafika m'dziko lino mu 1950, likali kuchedwa Northern Rhodesia. Iye anagwira nchito pansi pa bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, nayenda m'matauni a ku Migodi kumvetsera milandu ya anthu akuda. Mu 1955 ndi 1956 anakhala ku Ndola, kupenyerera umoyo wa tsiku ndi tsiku wa m'makomboni.

Cimene anapeza ndi cakuti anthu a m'tauni sanali odana ndi lamulo. Mabwalo a milandu a m'matauni anali kudzaza ndi anthu obwera okha ndi madandaulo ao a ukwati, cigololo, ngongole ndi kutukwanana. Oweruza m'mabwalomo anali akuluakulu otumidwa ndi mafumu a kumudzi, ndipo anali kuweruza monga mwa mwambo umene anthuwo anaudziwa.

Koma anthu omwewo akaona wapolisi anali kuthawa. Cifukwa cace si cobisika. Nchito yaikulu ya wapolisi m'komboni masiku amenewo inali kufunsa citupa ndi ciphaso ca msonkho, ndi kusaka mowa wofululidwa m'nyumba. Mowa wololedwa unali wa kanselo wokha, kotero mai wofulula kuti aonjezere pa malipiro ocepa a mwamuna wace anali kusanduka wolakwa. Ndiponso anthu anali asanaiwale mwazi. Mu 1935 apolisi anaombera anchito onyanyala ku Luanshya, nafa asanu ndi mmodzi. Mu 1940 asilikali anaomberanso ku Nkana, mu Kitwe, ndipo anafa anthu 17. Nzosadabwitsa kuti mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa zao.

Phunziro lace nlakuti munthu amalemekeza lamulo limene limamteteza, koma amabisala ku lamulo limene limamsaka. Dziko linalandira ufulu mu 1964, ndipo citupa ca atsamunda cinapita. Lamulo la mu 1999 linakhazikitsa gawo la Victim Support Unit m'mapolisi, lothandiza makamaka amai ndi ana ozunzidwa, linatsegulanso njira yodandaulira wapolisi wolakwa. Kucokera mu 2016 madandaulo otere amalandiridwa ndi Police Public Complaints Commission.

Malamulowa ndi abwino, koma pepala lokha silingapange cikhulupiriro. Wapolisi wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu adzayesedwa ndi m'mene alandirira mai wogulitsa masamba amene waberedwa. Akamnyoza, kapena akamfunsa kanthu kuti amthandize, maiyo sadzabweranso, ndipo tsiku limene adzaona mbala adzatseka pakamwa. Apolisi opanda mboni ali ngati mlenje wopanda agalu.

Nawonso anthu ali ndi udindo. Wakumudzi wopita kukacezera abale ku Kitwe kapena ku Ndola adziwe kuti kupereka ciphuphu ndi mlandu, monganso kucilandira. Wolipira faindi afunse risiti, ndipo wozunzidwa akadandaule kumene lamulo linakonza. Makolo amene Epstein anawaona anali kudziyendera okha kupita ku bwalo cifukwa anali kuyembekeza cilungamo. Tsiku limene adzukulu ao adzapita ku polisi ndi mtima womwewo, ufulu wa mu 1964 udzakhala utafikadi m'komboni.