Kali kokha nkanyama, ngakhale kuseri kwa mpanda wamagetsi

Akuluakulu adati kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Amene adasula mwambiwu sadaonepo geti lotseguka lokha kapena mpanda wa mawaya amagetsi, komabe mawu awo akugwa ndendende pa funso limene limamveka m'makomo ambiri kuno ku mapiri a Dedza, kuchokera pa Chimbiya, Lobi mpaka Bembeke: kodi mwana uja ku Joni akukhala pati? Yankho likakhala lakuti ali kumayadi, ku Sandton kapena ku Fourways, nkhope za makolo zimawala. Likakhala lakuti ali m'tauni ku Hillbrow, kapena kulokeshoni ku Alexandra, mayi amagwira chibwano. Mlandu tidaugamula kale: wa kumayadi wafika, wa m'tauni akuvutika, wotsala kumudzi adagona. Ine ndikuti tiuzengenso mlanduwu, chifukwa mboni zake zidali zithunzi za pa WhatsApp zokha.

Ulendo wa kummwera si wa lero. Agogo athu adapita ndi Wenela kukakumba golide, ena ndi Mthandizi kukalima fodya ku Southern Rhodesia, ndipo amene sadabwerere tidawatcha matchona. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nkupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu a Wenela. Zidayambiranso pang'ono patapita zaka, nkudzatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Koma njira sidamere udzu. Lero basi imatulukira pa chipata chathu chomwechi cha Dedza, kulowa Calomue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kudutsa Nyamapanda ndi Harare, mpaka Beitbridge. Chimene chidasintha ndi ntchito. Mdzukulu wa wokumba mgodi tsopano amatchetcha kapinga, kuphika, kuchapa, kupenta, kulondera kapena kusoka. Ndipo ambiri mwa iwo ntchitoyo ili kumayadi.

Sindikana kuti kumayadi nkokongola. Misewu ndi yaphula, mitengo ya jakaranda idandanda mbali zonse, zinyalala zimatengedwa pa tsiku lake, usiku kuli zii. Mantha a makolo nawonso ali ndi maziko. Chipwirikiti chothamangitsa alendo cha mu May 2008, chimene chidapha anthu 62, chidayambira ku Alexandra, osati ku Sandton, ngakhale malo awiriwa amangolekana ndi msewu waukulu wa M1. Mu 2015 zidabukanso ku Durban ndi Johannesburg, boma lathu mpaka lidatumiza mabasi kukatenga anthu. Mnyamata amene amagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana wake salipira lendi, sakumana kawirikawiri ndi apolisi ofunsa mapepala, ndipo marandi ake amafika kumudzi ochulukirapo. Zimenezi si zazing'ono, ndipo amene wazipeza ayamike.

Koma tiyeni tilowe m'kachipindako. Madera amenewa adamangidwa ndi cholinga cholekanitsa anthu. Lamulo la Group Areas la mu 1950 lidagawa mizinda ya South Africa potengera khungu, ndipo munthu wakuda ankaloledwa kugona m'dera la azungu ngati wantchito basi, yekha, kuseri. Lamulolo lidafafanizidwa mu 1991, koma kachipinda kaja kakadalipo, ndipo m'nyumba zambiri malamulo ake ndi omwe aja: osabweretsa alendo, osabweretsa ana, phokoso ayi. Mnyamata wa ku Mayani amene adakula akudya m'mbale imodzi ndi asuweni ake amaphika kansima kake, nkudya atayang'ana khoma. Sabata yonse atha kulankhula ndi bwana, dona ndi agalu. Mumsewu oyenda pansi ndi antchito anzake okha, aliyense ali ndi changu. Woyandikana naye nyumba sam'dziwa dzina, pakuti pakati pawo pali khoma lalitali kuposa munthu, pamwamba pake mawaya. M'dziko limenelo alonda a makampani ndi ambiri kuposa apolisi, ndipo izi zikutiuza kuti mtendere wa kumayadi ndi wogula mwezi ndi mwezi.

Funso limene ine ndimayesera nalo malo okhala ndi ili: malungo akakugwira pakati pa usiku, adzagogoda pakhomo pako ndani? Ndipo bwana akagulitsa nyumba nkusamukira ku Cape Town kapena ku Australia, monga amachitira ambiri, udzagona kuti? Pakuti tsiku limenelo ntchito ndi pogona zimathera limodzi. Apa mpamene timakumbukira kuti mlendo ndi mame. Zaka khumi ukhoza kuthirira maluwa a pabwalo limodzi, koma palibe mtengo ngakhale umodzi umene ungati ndi wako.

Wina anena kuti ndikukamba za antchito okha, nanga aja adaphunzira, anamwino ndi madokotala amene adagula nyumba zawozawo kunja kwa mizinda ya ku Britain, Ireland ndi America? Iwowa mavuto awo ndi ena, koma muzu ndi womwewo. Kumeneko chilichonse chimafuna galimoto: sukulu, sitolo, tchalitchi, ngakhale kukaona mnzako kumafuna kupangana tsiku. Kwathu timati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mayi akapita kudimba amangosiya khanda kwa azakhali. Kumeneko womuyang'anira mwana amalipidwa pa ola, ndipo banja limagawana mashifiti, wina akulowa wina akutuluka. Ana amakula osamva Chichewa kupatula cha makolo awiri otopa. Eni dzikowo adaliona vutoli tisanawauze ife: mu January 2018 boma la Britain lidasankha nduna yoona za kusungulumwa kwa anthu. Dziko lolemera chotero likafika pofuna nduna ya nkhani imeneyi, ndiye kuti pali chimene ndalama zalephera kugula.

Tsono m'kati mwa mzinda. Pano sindifuna kunyengerera aliyense, chifukwa m'tauni mwa Johannesburg mudafa abale athu imfa yowawa. Usiku wa pa 31 August 2023 nyumba yosanja ya Usindiso ku Marshalltown idapsa, anthu oposa 70 nkufa, ena mwa iwo Amalawi. Anthu adali atadzazana m'tizipinda togawa ndi matabwa ndi makatoni, njira zothawira zili zotseka. Nyumba yomweyo, pa nambala 80 Albert Street, ndi imene kale idali likulu lopereka mapasi kwa anthu akuda. Amene amagona m'malo otere sachita kufuna. Lendi ya malo abwino ndi yokwera, ndipo wopanda mapepala palibe angam'lembere pangano la nyumba.

Komabe funsani aliyense amene adatsika basi ku Johannesburg koyamba kuti usiku woyamba adagona kuti. Sadagone ku Sandton. Adagona pansi m'chipinda cha achimwene ake kapena cha mwana wa atsibweni ake ku Mayfair, ku Yeoville, ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, anthu asanu malo a anthu awiri. Kumeneko ndi kumene adamva kuti dona wakuti akufuna wophika. Kumeneko ndi kumene kumafikira ufa woyera, usipa ndi nyemba zimene mabasi amabweretsa. Kumeneko ndi kumene kuli mipingo ndi mizikiti imene munthu amapemphera m'chinenero chake, ndi magulu amene amasonkherana wina akamwalira kuti thupi likwere galimoto ulendo wa masiku angapo mpaka likalowe m'manda a kwawo. Ndipo Lamulungu likafika, mnyamata uja wa kumayadi amasamba, nkukwera matekisi awiri kapena atatu kupita komweko kumene makolo ake amakuopa, kuti akaone anthu. Bata la kumayadi amalipirira chifukwa Lamulungu lilipo.

Za ku Zimbabwe zimatiphunzitsa zomwezo. Adzukulu a Amalawi amene adapita zaka za m'ma 1940 ndi 1950 akadavinabe gule wamkulu mpaka lero, ndipo CCAP ili ndi sinodi yake ya Harare imene idakula ndi anthu ochokera kuno. Zimenezi zidasungika m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi, ndi m'malokeshoni ngati Mbare ndi Mufakose, kumene anthu adali othithikana, ng'oma ikalira aliyense nkuimva. Mwambo umafuna anthu oyandikana makomo.

Nanga kwathu? Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, amatero akuluakulu, ndipo ine ndimavomereza. Koma mwambiwu usatitseke maso. Boma la Dedza lidali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018, ndipo minda ikunka ichepa pa m'badwo uliwonse. Kachewere amene adatchukitsa mapiri ano amafuna feteleza ndi mankhwala, ndipo mitengo yake idakwera zedi ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Pokolola, mlimi alibe posungira, ndiye amagulitsa m'mbali mwa msewu pa mtengo umene venda wanena. Mnyamata akaona kuti wagwira khasu m'chisanu cha June ndi July koma malata sakugulika, amagulitsa mbuzi nkukapangitsa pasipoti. Sindingamuweruze. Kumudzi kulinso zolemetsa zake zimene sitikonda kuzitchula: nsanje, miseche, mantha a ufiti, ndi mzere wa abale amene amayamba kufika wobwera ku Joni asanamasule nkomwe chikwama.

Pali chinanso chimene ndi chathuchathu kuno. M'midzi yambiri ya Achewa mwamuna ndi mkamwini, amamanga pa malo a kwa mkazi wake. Amene wavutika zaka zisanu ndi zitatu m'dziko la eni amaopa kuthira thukuta lake lonse pa dothi limene banja likatha adzalisiya atanyamula bulangeti lokha. Ndiye amagula puloti pa boma kapena pa malo a malonda, kwa anthu osam'dziwa, nkumangapo nyumba ya mtundu umene adauona kumene ankagwira ntchito. Chinthu choyamba kukwera, nthawi zina nyumba isanafoleredwe, ndi mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo.

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Mpanda uja wayamba kubwera kwathu, ndipo si koyamba. Mapulani a mzinda wa Lilongwe, umene udakhala likulu mu 1975, adajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo ndalama zoyambira zidali ngongole yochokera komweko. Zotsatira zake tikuziona: Area 10 ndi Area 43 kwaokha, anthu wamba kutali, ndipo Mtandire wagundana ndi Area 47 monga Alexandra adagundirana ndi Sandton. Mtunda wochokera ku Lilongwe kufika pa Dedza sukwana makilomita 100, ndipo kamangidwe kameneka kakutsetsereka ndi msewu wathu wa M1. Kanjira kamene amayi ankadutsa popita kudimba kapena kuchitsime lero kathera pa khoma. Mjigo umene wobwera kunja wakumba uli m'kati mwa mpanda, pamene oyandikana naye akutunga kudambo. Pamaliro amatumiza ndalama pa foni, iye osaoneka pa siwa. Kenaka amadandaula kuti anthu a kwawo adasintha, samuyendera.

Ndikumvetsa kuti akuba alipo, ndipo munthu ali ndi ufulu woteteza chimene adachivutikira. Koma m'mudzi chimene chimathamangitsa wakuba kuyambira kale ndi mfuu, ndipo mfuu imadzutsa anthu amene amakudziwa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ku Sandton bwana akadina batani pamabwera galimoto ya alonda onyamula mfuti, chifukwa amalipira mwezi uliwonse. Ku Linthipe kapena kwa Kasumbu batani limenelo kulibe. Womanga khoma lalitali kuno wadula anansi popanda chowalowa m'malo, ndipo akadzakalamba, ana ake ali ku Lilongwe kapena ku Joni komweko, adzakhala m'kachipinda kaja kachiwiri, kusiyana kwake nkwakuti tsopano nyumbayo ndi yake.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo abale athu obwera kummwera ali nazo zambiri zoti atiphunzitse. Adaona mmene madzi amafikira m'nyumba, mmene zinyalala zimasonkhanitsidwira, mmene ngalande zimakonzedwera mvula isanagwe, mmene mitengo ya m'mbali mwa msewu imasamalidwira. Ambiri adabwera ndi luso la mapaipi, la magetsi a dzuwa, la matailosi, la kuphika. Zimenezo ndi zimene mapiri ano akuzisowa. Obwera kunja asanu a m'dera limodzi atasonkha ndalama zimene akadamangira mipanda isanu, atha kumanga nyumba yosungiramo kachewere kuti alimi asamagulitse mothamanga, kapena thanki ya madzi yokwanira mudzi wonse. Amene wakumba mjigo atulutse mpopi umodzi kunja kwa geti. Ndipo mafumu athu, a Kachindamoto, a Kaphuka, a Kachere, a Kamenyagwaza ndi anzawo, pamodzi ndi khonsolo ya Dedza, asamavomereze kugulitsa puloti asanayende pamalopo ndi anthu a m'mudzi kuti aone njira zakale za kumadzi, kusukulu ndi kumanda, nkuzilemba m'pangano kuti wogula adziwiretu pamene njerwa zake ziyenera kulekezera.