MASEWERA ALIBE NDALE? BODZA LIMENELO!

Abale anga, dzulo pa bawo kuno kwa Jenala wina amati chess ndi masewera chabe, mulibe ndale. Ine mwana wa msodzi wa ku Chilwa ndikuti ayi!

Kuyambira 1948 mpaka 1972, katswiri wa dziko lonse ankachokera ku Soviet Union kokhakokha. Mukuyesa mwayi? Boma lawo linkaphunzitsa ana ulere, akatswiri n'kumalandira malipiro, kuti dziko lizinena kuti chikomyunizimu chimabala nzeru. Mu 1972, Bobby Fischer wa ku America akunyinyirika zopita ku Reykjavik kukakumana ndi Boris Spassky, Henry Kissinger, mlangizi wa Pulezidenti Nixon, anachita kumuimbira foni. Nkhani ya masewera chabe imeneyo? Fischer atawina, Spassky kwawo akuluakulu sanamusekererenso.

Tsono ife? Mwana wakuthwa mutu, wogonjetsa madoda pa bawo, tikumutuma kukayanika matemba, sukulu n'kusiya. Nyanja ikaphwanso ngati 2018 adzagwira mtengo wanji? Andale amatikumbuka ndi mipira nthawi ya kampeni basi. Anzathuwo ankapikisana pa nzeru za ana awo. Ife tikupikisana pa chiyani?

Tumizani kwa khansala wanu.