Mphamvu Zilipo, Chosowa ndi Ligi

 M'kope lino tikuchotsani pang'ono pamchenga ndi kupita nanu kuphiri, pakuti nkhani imene tili nayo tidaitola ku Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, ndipo ikukhudza ana athu aakazi.

Kwa amene simudafikeko, Likhubula ndi khomo lalikulu lolowera m'phirimo. Pali ofesi ya zankhalango pamene alendo amayambira ulendo, ndipo mukakwera pang'ono mumafika pa Dziwe la Nkhalamba pamene madzi amagwa kuchokera pathanthwe, ozizira mochita kuwawa m'mafupa. Nsonga ya phirili, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Koma chimene chimagwira mtima wa mlendo wochokera kunyanja si kutalika kwa phiri ayi. Ndi amayi ndi atsikana amene amatsika m'njira zamiyala atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, mapazi ali gwa, khosi lili njo, pomwe ife tikukwera chokwawa ndi kupuma pa mtengo uliwonse.

Mwezi wa Julaye chaka ndi chaka, nthawi ya chiperoni, pa Likhubula pamachitika mpikisano wothamanga wotchedwa Porters Race. Pachiyambi udali wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi olondolera njira, koma kenaka udatsegulidwa kwa aliyense, amuna ndi akazi omwe. Othamanga amanyamukira pa Likhubula, nakwera ku Chambe, nadutsa pamwamba kupita ku Lichenya, natsikanso kubwerera pomwe adayambira. Ndi mtunda wopitirira makilomita 20, ndipo munthu wamba angautherepo tsiku lathunthu kapena awiri, koma opambana amaumaliza m'maola osafika atatu. Ena amathamanga opanda nsapato. Mwa akazi amene maina awo adatchuka pa mpikisanowu muli Doris Fisher ndi Tereza Master, ndipo Tereza adakaimirira Malawi pa mpikisano wa marathon ku masewera a Olympics a 2016 ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil.

Tidaima pamalo omalizira kuonerera atsikana akutsika, matope ali m'miyendo, ena mawondo atanyuka. Nthungululu zidali ponseponse. Mphoto zitaperekedwa, anthu adabalalika, zoimbira zidazimitsidwa, ndipo pofika madzulo Likhubula adali zii monga mwa masiku onse. Tidafunsa mmodzi mwa atsikanawo kuti adzathamanganso liti, ndipo adatiyankha kuti chaka chamawa, pokhapokha atapeza ya basi yopitira ku mipikisano ina ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Lolemba lake adabwerera ku nkhuni. Yankho limeneli lidatikhalira pamtima ulendo wonse wobwerera kwathu.

Inu asodzi mutimvetsa msanga. Kodi mnyamata amene amalowa m'bwato kamodzi pachaka angatchedwe msodzi? Ngakhale akhale ndi manja amphamvu chotani, sangadziwe kusiyana kwa mwera ndi mpoto, sangadziwe pomwe usipa umasonkhana mwezi ukada, ndipo chilimira chikakodwa sadziwa poyambira. Usodzi umaphunziridwa polowa m'madzi usiku uno, mawa ndi mkuja, kulakwitsa lero ndi kukonza mawa. Masewera nawonso ali chimodzimodzi. Tsiku limodzi limaonetsa amene ali ndi mphamvu, koma chimene chimaumba katswiri ndi nyengo yonse ya masewera otsatizana, imene anthu ampira amaitcha ligi.

Kuti timvetse bwino chimene ligi imachita pa moyo wa mtsikana, tiloleni tikutengereni kutali, ku Australia. Tasankha kumeneko chifukwa m'mwezi womwewo wa Julaye, pamene athu akuthamanga tsiku limodzi pa Likhubula, akazi a kumeneko amakhala akuyamba nyengo yawo ya masewera olimba kuposa ambiri amene tikuwadziwa, otchedwa rugby league. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira ndipo amaunyamula m'manja. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 13. Wonyamula mpira amathamanga nawo, adani namugwira ndi kumugwetsa, ndipo timu ikagwetsedwa kasanu ndi kamodzi mpira umapita kwa anzawo. Popatsirana saloledwa kuuponyera kutsogolo. Amene wakwanitsa kuugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani amapezera timu yake mapointi 4. Akazi amasewera mphindi 70.

Ligi yaikulu ya akaziwa, imene imatchedwa NRLW, idayamba m'chaka cha 2018 ndi matimu anayi okha: Brisbane Broncos, Sydney Roosters, St George Illawarra Dragons ndi New Zealand Warriors. Timu iliyonse idasewera katatu kokha, kenaka ndime yomaliza, basi nyengo yatha. Masewera awo ankachitika ngati kalambulabwalo amuna asadalowe. Anthu ambiri sadaiwerengere. Koma chaka chotsatira idabweranso, ndi chinacho idabweranso. Matimu adakwera kufika pa 6, m'chaka cha 2023 adafika pa 10, ndipo m'chaka cha 2025 adakwana 12.

Nyengo ya 2025 ndiyo ikutiphunzitsa zambiri. Idayamba kumayambiriro kwa Julaye, ndipo timu iliyonse idasewera masewera 11, sabata ndi sabata. A Sydney Roosters adapambana onse 11 osagonja ngakhale kamodzi, kuphatikizapo pamene adakumana ndi a Brisbane Broncos. Ukadakhala mpikisano wa tsiku limodzi, nkhani ya a Broncos ikadathera pa kugonja kumeneko. Koma iwo adali ndi masabata ambiri oti aone pomwe adalakwitsa, apoletse zilonda ndi kuyesa njira zina. Pa 5 Okutobala matimu awiriwa adakumananso m'ndime yomaliza mumzinda wa Sydney, ndipo a Broncos adapambana ndi mapointi 22 kwa 18. Wogonja adapatsidwa mpata wobwereranso, ndipo wopambana adaphunzira kuti ufumu wa dzulo suuteteza lero. Mtsikana wa pa Likhubula akapunthwa pamwala ku Lichenya, mpata wake wotere umabwera patatha miyezi 12.

Ligi imabweretsanso zinthu zimene sizioneka pabwalo. Pamene pali masewera sabata iliyonse, pamafunika mphunzitsi wokhazikika, wosamalira ovulala, ndi pangano lolembedwa. M'chaka cha 2023 osewera a NRLW adagwirizana ndi akuluakulu a ligi kuti wolandira zochepetsetsa azilandira madola a ku Australia 30,000 pa nyengo, ndi kuti ndalamayi izikwera mpaka kufika 50,600 m'chaka cha 2027. M'pangano lomwelo mudalowanso ndondomeko yoteteza wosewera amene ali woyembekezera kapena wangobereka kumene, kuti asataye malo ake chifukwa cha uchembere. Ambiri mwa iwo amagwirabe ntchito zina pambali, choncho sitikunena kuti afika pa mwanaalirenji. Tikungoti zonsezi zidamera pa matimu anayi aja amene sadaleke kubweranso.

Tsono musatimve molakwa. Sitikupempha kuti ana athu ayambe kugwetsana pamchenga wa ku Malindi. Rugby ndi ya eni ake, ife tili ndi mpira wamanja, mpira wamiyendo ndi liwiro. Chimene tikutola kumeneko ndi dongosolo lake, ndipo kwathu konkuno umboni ulipo. Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, adachoka m'dziko muno m'chaka cha 2014 kupita ku Sweden, kumene adapeza ligi yosewera sabata ndi sabata. Luso adapita nalo kuchokera kuno, koma kumeneko lidanoledwa, mpaka adakhala womwetsa zigoli zambiri m'ligi ya ku Italy ndi ya ku France. Mng'ono wake Temwa adamwetsa zigoli 20 m'ligi ya ku America m'chaka cha 2024, chiwerengero chimene padalibe adachifikapo kale. M'chaka cha 2023 timu yathu ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2 kwa 1. Ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la FAM, mothandizidwa ndi National Bank, lidakhazikitsa ligi ya dziko lonse ya mpira wa amayi ya matimu 10, monga Silver Strikers Ladies, Ascent, Ntopwa ndi MDF Lioness. Ndi chinthu choyamikika. Koma matimu ambiri otere ali m'mizinda, ndipo mtsikana wa ku Makanjira kapena wa pa Likhubula sangafikeko ngati palibe makwerero oyambira pamudzi.

Tikudziwa zimene zili m'mitima ya makolo, pakuti nafenso ndife makolo. Bambo akufunsa za kavalidwe. Mayi akufunsa kuti usipa pathandala atembenuza ndani, madzi atunga ndani. Agogo akuopa maulendo ausiku ndi anyamata ozungulira pabwalo. Mafunso onsewa ndi oona ndipo sitikuwapeputsa. Pa za kavalidwe, malamulo a mpira wamiyendo adaloleza mpango wakumutu m'chaka cha 2014, ndipo m'chaka cha 2023 Nouhaila Benzina wa ku Morocco adasewera mu World Cup atavala hijab, ku Australia komweko. Mwana wathu angathe kusewera atavala buluku lalitali, malaya a manja ndi mpango wake. Ndipo tonse tidaphunzira ku madrassa kuti Mayi Aisha (R.A.) adapikisanapo liwiro ndi Mtumiki (S.A.W.). Pa mafunso enawo, yankho lake ndi dongosolo lomwelo. Masewera ongochitika mwadzidzidzi ndiwo amasokoneza pakhomo, chifukwa palibe adziwa kuti mwana ali kuti, ali ndi yani, abwera nthawi yanji. Ligi ili ndi tsiku lake, ola lake, bwalo lake ndi woyang'anira wake wodziwika.

Nali tsono pempho lathu, ndipo silifuna nduna kapena bwana wa kampani. Midzi inayi yoyandikana, kapena sukulu zinayi, zikhoza kupanga ligi yawo. Matimu anayi akamakumana kawirikawiri, kwawo ndi kwa anzawo, amasewera masewera 12 m'masabata 6. Sankhani miyezi ya chilimwe pamene zokolola zalowa m'nkhokwe, mupewe nthawi ya mayeso ndi mwezi wa Ramadhan. Masewera aziyamba Asr itatha ndipo mwana aliyense azikhala ali pakhomo Maghrib isadakwane. Timu iliyonse ikhale ndi amayi awiri aulemu wawo oyenda nayo. Pakhale kope limodzi lolembamo zigoli ndi mapointi, losungidwa ndi mphunzitsi wokhulupirika, pakuti ligi zambiri za m'midzi zimafera pa mkangano wa amene adapambana sabata yatha. Pakhale lamulo lakuti wojomba kusukulu sasewera Loweruka. Ngati kwanuko atsikana amakonda liwiro kuposa mpira, chitani chimodzimodzi: mpikisano wa makilomita 3 kapena 5 Loweruka lililonse, mapointi naaziwonkhetsedwa mpaka kumapeto. Mphoto isakhale yaikulu. Makope, sopo kapena nsapato zikwanira. Chachikulu nchakuti chaka chamawa ligiyo ibwerenso, ngakhale chaka chino itayenda mopunduka.

Phindu lake si kutulutsa Tabitha wina kokha, chifukwa pa atsikana 100 mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzadye za mpira. Phindu lake nlakuti mtsikana wa zaka 14 amakhala ndi chifukwa choyembekezera Loweruka likudzalo, anzake omudalira, ndi mayi wamkulu amene amazindikira msanga akayamba kusowa. M'madera athu a kunyanja tataya ana ambiri pa msinkhu umenewu, ena ku maukwati aubwana, ena ku mimba zosayembekezera, ndipo kawirikawiri timadzidzimuka madzi atafika kale m'khosi. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana amene dzina lake lili m'kope la timu sasowa mwakachetechete.

Pamene tinkachoka pa Likhubula m'mawa mwake, tidakumana ndi gulu la atsikana akutsika ndi nkhuni, akuseka, akupikisana kuti afike pamsewu ndani poyamba, mitolo ili pamutu. Palibe adawaimbira wezulo ndipo palibe adalemba dzina la wopambana. Atsikana otere aliponso kwathu, amene amasenza madengu a nsomba kuchokera kudooko ndi ndowa za madzi kukwera nazo mtunda. Mphamvu adapatsidwa kale. Chimene akudikira kwa ife makolo ndi tsiku loikika, bwalo losesedwa ndi kope lolembamo.

Mudzi umene uyambe ligi yake utilembere, ndipo zotsatira zake tidzazisindikiza patsamba lino. Mpaka kope likudzalo, Insha Allah. Wassalam.