Masheya a TNM ndi Airtel: dekhani kaye

Anzanga a ku Katowo, ndalama za fodya zisathere m'masheya a TNM kapena Airtel chifukwa choti pa WhatsApp akuti akukwera. Ine ndikuti phindu la chaka chimodzi limanamiza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makampani onse awiriwa adaluza chaka chimenecho.

Katswiri wa zachuma Robert Shiller amawerengetsa chonchi: tengani phindu la zaka 10 pa sheya imodzi, mulisinthe molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, mupeze avareji, kenako mugawe mtengo wa sheya ndi avarejiyo. Yankho likakula kwambiri, ndiye kuti mukugula modula. TNM ili pa Malawi Stock Exchange kuyambira 2008, malipoti alipo okwanira. Airtel idalowa mu 2020, zaka zake pamsikapo sizinakwane.